Pa Fomu Analemba Kuti Ndilibe Mwana

Bodza langa linali la liwu limodzi. Mayi wa ku ofesi ya ejenti ku Lilongwe, amene ankatipezera ntchito za m'nyumba ku Dubai, atafika pa mzere wa pa fomu wofunsa za ana anandiyang'ana pachifuwa, osati kumaso, n'kunena kuti, "Madamu amene akufuna wantchitoyu anenetsa kuti wa mwana ayi. Ndiye uli ndi ana angati?" Ine ndinati, "Ndilibe." Mayiyo analemba. Nthawi imeneyo mwana wanga wamkazi, wa zaka ziwiri, anali panja pa geti ndi achimwene anga, akudya nthochi.

Bambo ake anakana mimba isanaoneke n'komwe. Choncho pa khadi la kusikelo tinalemba dzina la achimwene, atsibweni ake, monga timachitira kwathu ku Dedza, poti mwana ndi wakuchikazi. Ndinamusiya kwa achimwenewo ndi alamu anga. Chomusiyira ndinalibe, kupatula chitenje chimene ndinkamuberekera, choti azifunda.

Ndinafikira ku Jumeirah Village Circle, fulati ya pamwamba kwambiri moti magalimoto pansi amaoneka ngati mabokosi a machesi. Abwana ndi madamu anali a ku America, ndipo anali ndi khanda lamwamuna la miyezi isanu. Kuchapa, kusita, kukolopa, zonsezo sizinandivute. Ntchito yovuta inali kunamizira kusadziwa. Madamu anandikhazika pansi n'kundionetsa pa foni mmene amageyetsera mwana akatha kuyamwa, ine ndikugwedeza mutu ngati ndaona zachilendo. Thewera ndinkalimanga mokhotetsa dala kuti andikonze. Koma thupi langa silinasayine nawo fomu ija. Ndinali nditangoletsa wanga kuyamwa masabata atatu m'mbuyomo, ndiye khanda la eni likalira, mabere anga ankayankha, ine kuthamangira kubafa, kupinda tishu, kuika m'kamisolo, kutuluka ndikumwetulira, ndikuyang'ana ngati madamu aona kanthu, ndikuyang'ananso kakamera kamene anaika pamwamba pa shelefu. Ndinkadziwa kuti akangodziwa ndi foni imodzi kwa ejenti, tikiti, Lilongwe, ndipo mwana amene ndinamukana pa fomu ndikamupeza ndili chimanjamanja.

M'nyumbamo munali tebulo lalikulu lodyera, koma sitinadyerepo ngakhale tsiku limodzi. Tebulolo linali la munthu wakufa. Abwana, amene mkati mwa sabata ankagwira ntchito ya za ndege imene sindinaimvetse mpaka lero, Loweruka ndi Lamlungu ankafufuza kholo lawo lina, gogo wa gogo wa gogo, ndinkasokonezeka powerenga, lomwe linabadwa America akadali pansi pa mfumu ya ku Mangalande. Patebulopo panali mapepala ojambulidwa ku mabuku akale, zithunzi za miyala ya kumanda, ndi pepala lalikulu ngati mphasa lokhala ndi timabokosi tolumikizidwa ndi mizere. Abwana sankadziwa dzina la munthu wa chitseko choyang'anana ndi chathu, ngakhale ankakwera naye lifiti tsiku ndi tsiku. Koma ng'ombe za malemuwo ankazidziwa, ndi mtsinje umene zinkamwa.

Chimodzi chokha n'chimene chinkawasowa: bambo a kholo lawolo anali ndani.

Madamu anali atatopa nayo nkhaniyo kalekale. Abwana akangoyamba, iwo ankati "Khalasi, habibi," mawu awiri a Chiarabu amene anatola kuno, otanthauza kuti basi wokondedwa, n'kulowa kuchipinda. Ndiye wotsala ndinali ine, wa sitandade 7, amene sindikanatha kuthawa chifukwa ndinali ndi simbi m'manja. Ankandifotokozera pang'onopang'ono, m'Chingelezi cha ana, akuloza ndi pensulo. M'mudzi umene khololo linakulira munali mwamuna mmodzi yekha wa dzina la banja lawo, mlimi, wa mkazi ndi ana asanu ndi mmodzi. Aliyense akanati bambo ndi ameneyo. Koma buku la ubatizo la kutchalitchi linkaonetsa kuti mkazi wa mlimiyo anabereka mwana wamkazi miyezi inayi yokha khololo lisanabadwe. "Mkazi sangabereke kawiri pa miyezi inayi," anatero abwana, akundiyang'ana kuti aone ngati ndamva. Ine ndinati, "Oo, eti bwana?"

Anali ndi maganizo ambiri. Mwina abusa analemba atamwa. Mwina wosema mwala wa pamanda analakwitsa chaka. Mwina kunali mwamuna wina wa dzina lomwelo amene anabwera pa sitima ya pamadzi n'kufa asanalembedwe paliponse. Mwamuna wa pasitimayu anali atamufunafuna zaka zambiri, m'madoko onse.

Tsiku lina anandiwerengera wilu ya mlimi uja, kalata yogawira chuma chamasiye. Ana aamuna anawapatsa minda. Ana aakazi anawapatsa ng'ombe ndi mabedi. Kholo la abwana sanalitchule kuti mwana wanga. Analitchula kuti mnyamata amene anakulira m'nyumba mwake, ndipo analisiyira bulangete laubweya ndi mphika wachitsulo zimene zinali za mlongo wake wa mlimiyo.

"Waona nkhanza?" anatero abwana. "Ena minda, iye zinyalala za azakhali. Ngati anali bambo ake, ankamuda."

Simbi inatsala pang'ono kupsereza kolala. Ndinayang'ana pa pepala lalikulu lija, ndipo mlongoyo analipo, kabokosi kumapeto kwenikweni, kopanda mzere wotsika pansi, pafupi ndi pamene abwana ankakhazika kapu ya khofi. Ndinafunsa kuti mayi ameneyu anapita kuti. Abwana anati sakudziwa, amangosowa m'mabuku a m'mudzimo, sanakwatiwe, ndiye palibe chofufuza. Ine ndinadziwa pomwepo, monga umadziwira kuti mwana watentha thupi usanamugwire. Koma ndinangoti, "Oo." Mtsikana amene sanaberekepo angadziwe bwanji za bulangete?

Kenako kunabwera timabotolo. Abwana anaitanitsa titatu kuchokera ku America, toti munthu alavuliremo malovu, atumize, ndipo makina amuuze mtundu wake ndi abale ake. Kamodzi kawo, kena ka madamu, kachitatu ka mng'ono wawo amene ankayenera kudzacheza koma anasintha maganizo. Kotsalako anandipatsa ine, ndi manja awiri, nkhope ikuwala.

"Mphatso yako," anatero. "Malovu sanama. Mapepala amanama, anthu amanama, koma izi ayi. Mnzanga wina wa kuntchito analavula n'kupeza kuti ali ndi mwana wamkulu amene sankamudziwa."

Ndinati zikomo. Ndinatinso shukurani, zikomo wa Chiarabu, kuti aseke, asaone mantha anga.

Madzulo a tsiku limenelo, dzuwa litachepa ukali, ndinatsika ndi khanda kupita kumakatungwe a ana, kumene timakumana antchito a m'nyumba zozungulira. Kunali asisi ena a ku Chipata, aakulu kwa ine, ogwira kwa Amwenye a nyumba yachitatu kuchokera kwathu. Ndi iwo okha m'Dubai monse amene ankadziwa za mwana wanga. Ndinawaonetsa kabotoloko ndikubisa ndi thewera.

"Manje ukulira chani?" anatero asisiwo. "Bweretsa nikulavulire."

"Asisi, inu muli ndi ana anayi."

Anaseka mpaka kugwira chitsulo cha katungwe. "Ndiye bwino. Bodza likule. Auze kuti unayamba uli sitandade wani."

"Musaseke asisi, ine ndipita kwathu."

"Upatse achimwene aja a pageti, a ku Mangochi. Aja akulavulira na mtima wonse, amakuyang'ana ukamadutsa."

"Ndiye makinawo akanene kuti ndine mwamuna?"

"Mwamuna sabereka. Nkhani yatha." Anapukuta misozi ya kuseka, kenako anandiyang'ana bwinobwino. "Iwe mwana, ine vinthu va azungu sinivikhulupirira, koma sinivinyoza. Chedwetsa chabe. Azaiwala."

Pa pepala la malangizo, limene madamu anandiwerengera, panali lamulo lakuti munthu asadye kapena kumwa kanthu kwa theka la ola asanalavule. Lamulo limenelo ndi limene linandisunga masabata asanu. Abwana akangotulukira kukhitchini, ine ndinali ndi kanthu m'kamwa. Kachipatso ka kanjedza wa kuno, bisiketi, khoko la buledi, karoti wa khanda. M'thumba la yunifolomu munkakhala mtedza wa pangozi. "Pepani bwana, ndangodya kumene." Ndinanenepa mpaka mabatani anayamba kukoka, ndipo madamu anauza mnzawo pa foni, ine ndikumva, kuti mtsikana wawo wazolowera, akusangalala.

Abwana sanaiwale. Kabotolo kawo ndi ka madamu tinapita, zotsatira n'kubwera. Makina anawapezera abale mazanamazana amene sanawafune, koma mwamuna wa pasitima uja sanamupeze. Loweruka lina m'mawa anakhala patebulo lija atagwira mutu, akuwerenganso wilu ija mokweza, ngati kuti mawu asintha. Ine ndinali nditangotsuka mkamwa, ndikutuluka kubafa, ndisanafike pa mtedza. Madamu anali atandidikirira pakhonde la m'nyumba, kabotolo kali m'manja.

"Lero ndakugwira usanadye," anatero akuseka. "Yala, tiye, lavula, katha nthawi aka."

Ndinakalandira. Ndinatsegula chivindikiro. M'kamwa munali gwa ngati mchenga wa panja. Ndinaona geti la ku Lilongwe, ndinaona chikwama changa pa sikelo ya ku bwalo la ndege, ndinaona alamu anga akundifunsa kuti wabwerera chiyani, ndipo ndinafuna china chilichonse choti maso awo achoke pa ine, china chilichonse, ndiye ndinaloza kabokosi ka pafupi ndi kapu ya khofi.

"Bwana, munthu wanuyo ndi mwana wa mayi awa."

Abwana anakweza mutu.

"Mlimiyo si bambo ake, ndi atsibweni ake, mchimwene wa mayi ake. Mwamuna anakana mimba, ndiye mwana analembedwa dzina la atsibweni. Kwathu timatero. Munda sakanamupatsa, poti kwanu minda imatsata bambo. Anamupatsa za mayi ake."

Abwana anayang'ana pepala, kenako ine, kenako pepala. Anaika pensulo pansi. Koma zaka zonse zija za mwamuna wa pasitima sizikanangogwa choncho chifukwa cha wantchito.

"Ayi," anatero. "Nanga iyeyo anapita kuti? Akanakhala mayi ake akanakhala pompo. Mayi sangataye khanda kwa mchimwene wake n'kungosowa."

"Sanamutaye," ndinatero. Mawu anatuluka okwera kuposa mmene wantchito amayankhulira. "Anapita kukagwira ntchito. Kumene anapitako wa mwana sankamufuna. Wotaya mwana sasiya chofunda, bwana. Bulangete ndi la fungo, kuti mwana akamagona azimva mayi ake. Inenso wanga ndinamusiyira chitenje."

Eyakoni inali kulira. Khanda linali pa mphasa yake likumenya kachidole. Ndinayang'ana kabotolo m'dzanja langa, kopanda ngakhale dontho limodzi. Masabata asanu ndikulondera malovu, osalondera lilime.

Abwana sindikudziwa ngati anamva mawu omalizawo. Anali atatsegula kale laputopu, akulemba dzina la mlongo uja, akudziyankhulira. Madamu ndiye anamva. Anandilanda kabotolo mofatsa, n'kukatseka, n'kunena kuti, "Tiye kukhitchini."

Ndinaima pafupi ndi sinki. Ndinkawerenga m'mutu zovala zimene ndinayanika, kuti ndikalongedze zouma kapena zonyowa.

"Wamkazi kapena wamwamuna?"

"Wamkazi, madamu."

"Zaka zingati?"

"Akwanitsa zitatu mwezi wamawa."

"Ali ndi ndani?"

"Ndi atsibweni ake."

Anatulutsa kaphokoso m'mphuno, kosakhala kuseka kwenikweni. Kenako anakweza kabotolo kaja. "N'chifukwa chake wakhala ukudya ngati dzombe?" Ndinavomera ndi mutu. Anandiuza kuti makinawo sakanadziwa kanthu, pokhapokha mwanayonso atalavula m'kabotolo kake ku Dedza n'kutumiza. Ndinaganiza za mtedza wonse uja.

Anakhala pa mpando wautali wa pakauntala. Anati ananena za wopanda mwana chifukwa mtsikana amene analipo ine ndisanabwere ankalira pa sinki tsiku lililonse, mwana wake akadwala kwawo, ndipo anachoka patangotha miyezi isanu, iwo ali ndi pakati potopa. Sankafuna kuonanso zimenezo.

"Iwe umalira?"

"Kubafa, madamu. Ndimatsegula mpopi."

"Ndimamva mpopiwo," anatero. "Ndinkati umakonda kusamba."

Anatembenuza kabotolo pa kauntala. Pabalaza abwana anaitana dzina la madamu kawiri, iwo osayankha. Kenako ananena kuti khanda lawo siligona ndi munthu wina aliyense koma ine, kuti tsiku lina anandiona ndikulibereka kumbuyo ndi thaulo ndikukolopa, ndikumanga mfundo ndi dzanja limodzi osayang'ana, ndipo anadziuza kuti mwina kwathu atsikana onse amabadwa akudziwa. Anati kwa ejenti saimba. Fomu ikhale mmene ilili, chifukwa kuisintha n'kudzutsa mafunso a kontirakiti ndi viza. "Koma usandinamizenso. Ndipo thewera uzimanga bwino, ndatopa kukukonza."

Ndinati zikomo madamu, n'kukhala pansi pa matailosi.

Patapita masabata atatu abwana anamupeza mlongo uja. Anali m'tauni ina ya kudoko, ulendo wa masiku angapo kuchokera kumudzi kwawo, pa mndandanda wa anthu a m'nyumba ya wamalonda wina. Anali wantchito wa m'nyumba. Analembedwa kuti ndi wosakwatiwa, wopanda mwana. M'buku lina la tchalitchi cha kwawo, limene abwana anali nalo zaka zonsezi koma ankangoyang'anamo mayina a amuna, munalinso mzere wonena kuti mayiyo anadzudzulidwa pamaso pa mpingo chaka chomwe khololo linabadwa. Bambo sanatchulidwe. Mpaka lero sakudziwika, ndipo abwana anasiya kumufuna.

Tsiku limenelo abwana analira. Anasindikiza mndandanda uja, n'kuuika mu felemu, n'kuupachika pabalaza. Alendo akabwera amawaimika pamenepo. Amawauza za mayi wolimba mtima amene anasiya khanda lake n'kupita kutali kukatsuka mbale za eni, akubisa kuti ndi mayi, kuti mwana wake adye. "Tangoganizani," amatero, "nthawi imeneyo akazi ankavutika bwanji." Alendo amapukusa mitu. Ine ndimadutsa ndi thireyi n'kufunsa amene akufuna madzi oundana. Abwana si munthu woipa. Amandilozanso, n'kunena kuti amene anamasula mfundoyi ndi uyu, ndi nzeru za chikhalidwe cha kwawo. Alendo amati zodabwitsa, n'kutenga madzi oundanawo.

Kabotolo kaja ndinadzalavuliramo, poti mphatso sabweza. Zotsatira zinabwera pa foni ya madamu. Zinati ndine wa kum'mwera chakum'mawa kwa Africa. Pasipoti yanga inanena kale zimenezo. Abale sanandipezere ngakhale mmodzi, poti kwathu palibe amene analavulapo. Asisi a ku Chipata atamva anati, "Ukanandipatsa ine, bwenzi uli na ana anayi na mwamuna woledzera."

Abwana anafuna kundipangira pepala langa la timabokosi pa laputopu, ngati kuthokoza. Makinawo anayamba ndi kufunsa bambo a mwana. Ndinati tidumphe. Anafunsa bambo anga, ndi bambo a bambo anga, amene sindinawaonepo. Ndinati nanga atsibweni a mwana tiwaika pati, amene amamutengera kusikelo pa njinga? Abwana anafufuza, n'kupeza kuti achimwene anga akhala kumbali, kabokosi kopanda mzere wopita kwa mwanayo. Ndinati basi bwana, zikomo, ndidzalemba ndekha.

Tsopano Lamlungu masana ndimaimba foni ya vidiyo ndili pakhitchini, chitseko chili chotsegula, osati kubafa. Mwana wanga amabwera atakoka chitenje chija pansi, chatha mtundu, alamu akuti salola kuti achichape. Amandiyang'ana pang'ono, n'kufunsa ngati kuno kuli mbuzi, n'kuthawa. Nthawi zina khanda la eni limakhala kumbuyo kwanga, ndipo iye amafunsa alamu kuti mwana uyo ndi wa ndani.

Kontirakiti yanga yatsala ndi miyezi isanu ndi iwiri, ndipo madamu akufuna tiwonjezere. Ndikavomera, fomu ija idzajambulidwanso, kudindidwanso, n'kusungidwa m'makompyuta a maofesi awiri kapena atatu, kuno ndi kwathu. Ndaona mmene mapepala amakhalira moyo kuposa eni ake. Ndikapukuta fumbi pa felemu ya pabalaza ndimaganiza za munthu wina wa m'tsogolo, wa pensulo ndi kapu ya khofi, atapeza fomu yanga n'kuikhulupirira, n'kundiika kumapeto kwa pepala, kabokosi kopanda mzere. N'chifukwa chake ndagula kope ili kusitolo ya pansi. Mayina sindinalembemo, mantha sanathe, ejenti akadalipo. Koma amene adzapeze fomuyo apezenso izi. Mwana alipo, wamkazi, ali ku Dedza kwa atsibweni ake, ndipo chitenjecho ndi changa.